Kuseka si uchitsiru, abale anga

  Lero sindilemba za feteleza kapena za mavenda a soya ayi. Pepani amene mumadikira zimenezo. Ndili ndi nkhani ina imene yandikhala pakhosi kwa mwezi wathunthu, ndipo ndi yayitali, nde kokani mpando. Amene bandulo yanu yatsala pang'ono, gulani kaye ina.

Mwezi watha tinali pa maliro m'mudzi wa kutsidya kwa dambo. Anatisiya ndi bambo wina wachikulire amene ndinkalima naye dimba moyandikana kwa zaka zambiri. Usiku amayi ali m'nyumba ya siwa kuimba nyimbo, ife abambo tili panja pa moto monga mwa nthawi zonse. Cha m'ma 2 koloko tulo titayamba kuvuta, mmodzi wa adzukulu anayamba kukamba za malemuwo, za tsiku limene anathamangitsidwa ndi nkhumba yawo yomwe, mpaka anakwera mu mtengo wa papaya, mtengowo n'kuthyoka. Anawatsanzira mayendedwe ndi mawu omwe. Abale, ndinaseka mpaka misozi. Mwana woyamba wa malemu anali pomwepo. Nayenso anaseka, kenako analira, kenako anasekanso.

Kutacha, tikuchokera ku manda, mkulu wina amene timamulemekeza kwambiri anandikokera pambali. Dzina sinditchula, ndi munthu wabwino. Anati, "Bambo, inu ndi imvi zanuzi kumaseka chikhakhali pa maliro? Chaka chake chino, anthu akugona ndi njala? Kuseka n'kwa ana ndi anthu okhuta." Ine ndinangoti pepani, poti pa maliro si pokanganirana. Koma mawuwo anandikhala m'mimba ngati nsima yosapsa. Ndinafika pakhomo ndikudzifunsa kuti kapena n'zoona eti, ine ndine chitsiru chokalamba?

Patapita masiku, mwana wanga wamkazi amene ndi mphunzitsi anabwera ku holide. Nditamufotokozera, anangotulutsa foni n'kundionetsa kanema wa agogo ena achizungu, mutu uli mbuu, akucheza ndi mtolankhani. Agogowo akayankhula pang'ono, anthu onse m'nyumbamo ali gwe kuseka. Ine Chingerezi changa chinathera sitandade 8, nde mwanayo ndi amene ankandimasulira. Anati dzina lawo ndi a Mel Brooks, a ku America, anabadwa mu 1926, ndipo ntchito yawo moyo wonse ndi kulemba zoseketsa. Ali ndi zaka 95, mu 2021, anatulutsa buku lofotokoza moyo wawo. Masiku atatu madzulo aliwonse tikatha kudya, iye ankawerenga za agogowa pa intaneti, ine kumvetsera. Zimene ndinamva ndi zimene ndikufuna ndigawane nanu.

Choyamba, zoti kuseka n'kwa okhuta n'zabodza. A Brooks anabadwira ku Brooklyn, mu mzinda wa New York, m'banja losauka la Chiyuda. Dzina lawo lenileni ndi Melvin Kaminsky. Anali chitsirizira mwa anyamata anayi. Bambo awo anamwalira iwo ali ndi zaka ziwiri zokha, ndiye nkhope ya bambo sanaidziwe bwino. Mayi awo ndi amene analera ana onse ndi ntchito ya zosokasoka. Iwo anali kamnyamata kakafupi, kodwaladwala, kovutitsidwa ndi anzake. Amanena okha kuti zambiri zoseketsa zimene analemba zinachokera mu mkwiyo, ndipo mwina mkwiyo wina unali wa imfa ya bambo awoyo. Mwamva? Nthabwala zawo sizinamere pa mbale yodzadza ayi. Zinamera pa umasiye.

Ali ndi zaka 14 anayamba kugwira ntchito m'mahotela a ku mapiri a Catskill, kumene ntchito ina inali kusangalatsa alendo. Amati ankavala chikhothi chachikulu ndi chipewa, kunyamula masutikesi odzadza miyala, n'kukaima pamwamba pa dziwe losambira akudandaula kuti bizinesi yagwa ndipo moyo wawakwana, kenako phava m'madzi ndi zovala zomwe. Alendo kuseka. Taonani chimene ankaseka anthuwo. Ambiri anali a mabizinesi ang'onoang'ono amene mantha a kugwa kwa bizinesi ankagona nawo tsiku ndi tsiku. Mwana uja anatenga mantha awo omwewo n'kuwaponya m'madzi iwo akuona. N'chimodzimodzi ife alimi tikamaseka za chimanga chathu chimene chafika m'chiuno n'kumasula ngayaye. Sikuti sitikumva kuwawa. Tikukumva kwambiri, n'chifukwa chake tikuseka.

Mu 1944, ali ndi zaka 18, anawatenga ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, n'kuwatumiza ku Ulaya. Ntchito ya gulu lawo inali kufufuza ndi kuchotsa mabomba okwirira pansi ndi misampha imene asilikali a Germany ankasiya. Ife a m'malire muno amene tinaona abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique, ena atadukiratu mwendo, mabomba amenewa tikuwadziwa. Ndi ntchito yoti ukalakwitsa kamodzi, kachiwiri kulibe. Munthu wochoka kumeneko akanatha kukhala wa msunamo moyo wake wonse, ndipo palibe akanamudzudzula. Iwo anabwerako n'kusankha kuseketsa anthu. Ndiye wina andiuze kuti munthu ameneyu sadziwa mavuto?

Chachiwiri chimene ndinaphunzira n'choti kuseketsa anthu ndi ntchito, ngati kulima komwe. Ambirife timaganiza kuti wanthabwala amangodzuka pakamwa pakutuluka zoseketsa. Ayi ndithu. Kuyambira 1950 mpaka 1954 a Brooks anali m'gulu lolembera katswiri wina dzina lake Sid Caesar, pa pulogalamu ya pa TV yotchedwa Your Show of Shows. Sabata iliyonse Loweruka ankaonetsa mphindi 90, pompopompo anthu akuonera, osati zojambuliratu kuti ukalakwa ubwereze. Olembawo ankadzitsekera m'chipinda chimodzi, kukuwizana, kukangana, wina kuponya nthabwala anzake n'kuikana. Pa nthabwala zambirimbiri, zochepa zokha ndi zimene zinkafika kwa anthu. Loweruka likadutsa, Lolemba kuyambiranso pa chiyambi.

Nditamva zimenezi ndinati aaa, uku nde kupalira. Ubzala zitatu pa phando, upatulira, uzula zofooka, usiya yamphamvu. Ndipo monga mvula ili ndi nthawi yake, nthabwala nayonso ili ndi nthawi yake. A Brooks ali mnyamata ankaimba ng'oma, ndipo amati ng'omayo inawaphunzitsa kudziwa pomenyera nthabwala. Amene munaimbako ng'oma ya chimtali kapena ya gule mukudziwa: ukachedwa pang'ono olo kufulumira pang'ono, wovina wasokonezeka. Mdzukulu uja pa maliro akanakamba za nkhumba ija nthawi imene thupi likutuluka m'nyumba, tikanamuthamangitsa. Anadikira usiku pakati, mitima italema ndi kulira, pamene anthu akufuna popumira. Zimenezo ndi nzeru, si uchitsiru.

Pali chinanso. A Brooks anali ndi mnzawo wa pamtima, a Carl Reiner, amene anakumana naye pa ntchito ija mu 1950. Awiriwa anayambitsa kasewero kena: a Reiner amakhala mtolankhani wofunsa mafunso, a Brooks amakhala nkhalamba ya zaka 2000 imene inaona zonse za m'mbiri. Nkhalambayo imadandaula kuti inabereka ana zikwizikwi koma palibe olo mmodzi wobwera kudzaiona. Apa ndinaseka kwambiri, chifukwa azigogo a m'mudzi muno amene ana awo ali ku Joni amanena zomwezo. Kaseweroka ankangochita pa maphwando a anzawo kwa zaka pafupifupi khumi, osalandira kanthu, mpaka mu 1960 ndi pamene anakajambula n'kuyamba kugulitsa.

Ndinakumbuka nthawi yomweyo Izeki ndi Jakobo athu, a John Nyanga ndi a Eric Mabedi, Mulungu awasunge. A Nyanga anatisiya mu 2016, a Mabedi mu 2021. Amene munawaonapo mukudziwa kuti kukoma kwake kunali pa uwiri wawo. Wina aponya, wina awakha. Wina adziyesa wanzeru, wina amusokoneza. Pa awiri otere anthu amatama amene wamaliza nthabwala, kuiwala amene waitsegulira njira. Koma popanda wofunsa bwino, woyankha alibe poyambira. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale denga la nthabwala.

Chachitatu ndi chachikulu, ndipo apa ndikufuna achinyamata a pa Facebook pano mumve bwino. Nkhani ili pa amene ukumuseka. A Brooks ndi Myuda. Hitler ndi anthu ake anapha Ayuda okwana 6 miliyoni. Patangopita zaka 22 nkhondo itatha, mu 1967, a Brooks anatulutsa filimu yotchedwa The Producers. Nkhani yake ili chonchi: akathyali awiri akutolera ndalama kwa amayi okalamba kuti apange sewero, aliyense akumulonjeza gawo lalikulu la phindu, mpaka magawo kupitirira sewero lenilenilo. Tingati kugulitsa mbuzi imodzi kwa anthu khumi, kenako n'kumapemphera kuti ife msanga kuti wina asabwere kudzaitenga. Kuti sewerolo life tsiku loyamba lomwe, akusankha loipitsitsa, lotamanda Hitler ndi nyimbo ndi magule. Koma anthu oonera akulitenga ngati lomunyoza, akuseka, sewerolo likutchuka, akathyali aja akuthera ku ndende.

Anthu ena, kuphatikizapo Ayuda anzawo, anakwiya kwambiri. Anati zinthu zimenezi si zoseka, ndipo bala linali likadali laliwisi. Yankho la a Brooks, limene akhala akulibwereza kwa zaka zambiri, ndi loti munthu wankhanza ngati Hitler sungamugonjetse pomulalikira, chifukwa pa kuyankhula pa msonkhano iye ndi katswiri. Koma ukamusandutsa choseketsa, wamuvula mphamvu, anthu amuona kuti ndi kamunthu wamba. Filimuyo inawapatsa mphotho ya Oscar pa kalembedwe, ndipo mu 2001 ataisandutsa sewero la nyimbo ku Broadway, inatenga mphotho za Tony zokwana 12.

Ife a zaka za m'ma 50 zimenezi tikuzimvetsa kuposa ana a lero. Tinakula nthawi ya chipani chimodzi, pamene nthabwala yokhudza akuluakulu umainong'ona utayang'ana kaye kumbuyo, ndipo ngakhale m'bale wako sumamukhulupirira. Bwanji ankaiopa nthabwala chonchija? Mfuti anali nazo, ndende anali nazo. Chifukwa chake n'choti munthu amene wamuseka sumuopanso ngati kale. Makolo athu ankazidziwa izi kalekale. Taonani ku dambwe: muli zilombo za nkhope yofiira zotsanzira mzungu, zina zotsanzira woledzera, wachiwerewere, waulesi, wodzikuza. Mudzi wonse umaseka, koma mwini khalidwelo amapita kwawo atamva. Palibe amene wamutchula dzina, palibe mlandu kwa amfumu, koma uthenga wafika.

Komatu a Brooks omwewo ali ndi malire. Ananena poyera kuti sangapange nthabwala pa zipinda za mpweya wa poizoni mmene ankapheramo Ayuda, kapena pa imfa za ana. Wakupha amamuseka, wophedwa ayi. Mu 1974 anapanga filimu ina, Blazing Saddles, imene analemba pamodzi ndi anzawo ena kuphatikizapo wanthabwala wakuda Richard Pryor. Ndi nkhani ya munthu wakuda amene waikidwa kukhala mkulu wa polisi m'tauni ya azungu atsankho. Muli mawu oipa ambiri, koma amene akuoneka mbuli kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndi atsankhowo.

Pano nde pamene ine ndimakwiya ndi zimene ndimaona pa mafoni athuwa. Munthu wodwala misala akuvina pa msika, wina akumujambula n'kuponya pa gulu, anthu mazanamazana akuyika tinkhope toseka. Gogo walephera kutchula mawu a Chingerezi, mwamuzungulitsa dziko lonse. Mayi wagwidwa ndi zitsononkho zisanu za chimanga chifukwa ana agona ndi njala masiku awiri, mwamumangirira chimangacho m'khosi n'kumamujambula. Abale, kumeneko si kuseketsa. Palibe ntchito imene mwagwira, palibe nzeru imene mwaonetsa. Mwangoponda amene wagwa kale. Akuluakulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Ngati muli ndi luso, kasekeni amene wagulitsa makuponi a anthu, amene walonjeza mlatho katatu pa mtsinje umodzi. Kumeneko nde tione kulimba mtima kwanu.

A Brooks ali ndi nthabwala ina yotchuka pa nkhani yomweyi. Amati tsoka ndi pamene ine ndadzicheka kachala, koma zoseketsa ndi pamene iwe wagwera m'dzenje la zonyansa. Poyamba ndinaona ngati ndi nkhanza. Nditaganiza bwino ndinaona kuti akutiseka ife tonse, mmene timakuzira kabala kathu n'kuchepetsa chilonda cha mnzathu. Kwathu kuno timati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Wanthabwala wabwino amayamba wadziseka yekha. Ine pano nkhani imene imaseketsa anthu kwambiri ndi ya tsiku limene ndinapalasa njinga mpaka ku msika kukagulitsa nkhuku, n'kupeza kuti m'dengu mwatsala nthenga zokha, nkhuku inatsika kalekale pa chitunda. Tsikulo ndinatsala pang'ono kulira. Lero ndi chuma changa, ndimaikamba paliponse.

Muli kanthu kena mu filimu ya Blazing Saddles kamene alimi anzanga mukakonde. Abusa a ng'ombe okwera pa mahatchi akhala pa moto usiku, akudya nyemba. A Brooks anati m'mafilimu onse amene anaonera, anthu amenewa amangokhalira nyemba ndi khofi koma sipamveka kanthu, zingatheke bwanji? Ndiye iwo anaika zimene zimachitika munthu akakhuta nyemba. Inde, zomwezo, wina pambuyo pa mnzake ngati kwaya. Bwana wamkulu wa kampani atauona anawapatsa mndandanda wa zoti achotse, kuphatikizapo zimenezi. Iwo amafotokoza kuti anavomera zonse mwaulemu, akulemba pa pepala, bwanayo atatuluka pepala lija n'kuliponya mu bini. Filimuyo inapanga ndalama zankhaninkhani. Phunziro lake ndi loti anthu amaseka choonadi chimene aliyense akuchidziwa koma palibe wochinena.

Tsopano ndisakhale ngati ndikungodziikira kumbuyo. Mkulu anandidzudzula uja ali ndi mfundo, ndipo ndaiganizira. Kuseka sikudzadza nkhokwe. Mwana akamalira njala sungamupatse nthabwala. Wina anganenenso kuti a Brooks ndi olemera, ali ndi madokotala abwino, n'chifukwa chake afika zaka zimenezi akuseka. Zoona, ndalama zimathandiza, ndisaname. Ndipo pali kuseka kwina koipa kumene timachita ife Amalawi: wandale abwera pa msonkhano, timufunsa za mankhwala m'chipatala, iye aponya nthabwala, tonse gwe kuseka, funso lathera pomwepo. Kuseka kotero n'kogonetsa tulo. Kuliponso kuseka kothawa, kwa bambo amene ali ku mowa kuseketsa anzake pamene kunyumba kulibe mchere.

Ndikuvomereza zonsezo. A Brooks nawonso ankadziwa kuti si paliponse poseka. Mu 1980 kampani yawo inapanga filimu yachisoni, The Elephant Man, ya munthu wopunduka thupi amene anthu ankamuonetsa ngati chilombo. Iwo anachotsa dzina lawo pa filimuyo dala, kuopa kuti anthu akaliona abwera kudzaseka. Koma kunena kuti pali kuseka koipa sikutanthauza kuti msunamo ndi wabwino. Ine ndalima zaka zoposa 30. Sindinaonepo chimanga chikukula chifukwa mwini wake wakwinya nkhope. Chimene ndaona n'choti pa chiganyu kapena pa ntchito ya chitukuko, gulu limene muli wanthabwala limamaliza ndime msanga, ndipo mawa anthu amabweranso. Njala imadya thupi. Ukailola idyenso kuseka kwako, yakudya kawiri.

Chomaliza ndi chimene chinandigwetsa misozi, mwana wanga mpaka anasiya kuwerenga. Akazi awo a Brooks, a Anne Bancroft, amene anali katswiri wa mafilimu, anamwalira ndi khansa mu 2005, atakhala m'banja zaka zoposa 40. Akazi a mnzawo uja a Reiner anamwalira mu 2008. Madoda awiri amasiye, okalamba. Mukudziwa chimene anachita? Pafupifupi madzulo aliwonse a Brooks ankapita kunyumba kwa a Reiner. Ankadya limodzi pa timatebulo ting'onoting'ono patsogolo pa TV, kuonera pulogalamu ya mafunso ndi mafilimu, kucheza, kenako a Brooks kubwerera kwawo. Mawa chimodzimodzi. Anachita zimenezi zaka ndi zaka mpaka a Reiner anamwalira mu Juni 2020, ali ndi zaka 98. Ubwenzi wa zaka 70.

A Reiner ankakonda kunena kuti m'mawa uliwonse amatsegula nyuzipepala pa tsamba la omwalira, akaona kuti dzina lawo palibe, ndi pamene amakadya kadzutsa. Tingati ife tikamamvera mauthenga a maliro pa wailesi, ukamva kuti sanakutchule, nyamula khasu. Ndipo onse awiri sanasiye ntchito. A Reiner ankalembabe mabuku ali m'zaka za m'ma 90. A Brooks mu 2023, ali ndi zaka 96, anatulutsanso pulogalamu yatsopano ya pa TV, ndipo kumayambiriro kwa 2024 anapatsidwa Oscar ya ulemu. Ine ndikuona kuti chinsinsi chawo si nthabwala zokha ayi. Ndi zinthu ziwiri zimene sizifuna ndalama: kukhala ndi chochita ukadzuka, ndi kukhala ndi kopita dzuwa likamalowa.

Apa ndinachita manyazi, ndipo ndinena poyera. Ndili ndi asuweni anga amene tinakulira limodzi, tinkaweta mbuzi limodzi. Mukudziwa mmene chisuweni chimakhalira: kunyozana popanda mlandu. Iwo ankanditcha mlimi wa nthenga chifukwa cha nkhuku ija, ine ndinkawanena za dazi lawo kuti likhoza kuyanika ufa. Alamu anga, akazi awo, anatisiya chaka chatha. Ana onse ali kutali, wina ku Lilongwe, awiri ku Joni, amatumiza kangachepe pa foni koma nkhope zawo sizioneka. Chichokereni maliro aja, asuweni anasiya kubwera ku bawo. Ku tchalitchi amakhala kumbuyo, akangoti ameni atuluka. Ine ndikakumana nawo ndinkagwira chipewa n'kunena kuti pepani, limbani mtima, ndi nkhope ya pa maliro. Ndinkaganiza kuti ndiwo ulemu. Nyumba yawo ili pa mtunda woyenda mphindi khumi, koma chaka chathunthu sindinadye nawo nsima olo kamodzi.

Mwana atabwerera ku ntchito, ndinauza mayi a kunyumba kuti nsima yanga ya madzulo muike m'mbale yovundikira, muonjezereko mitanda iwiri. Anandiyang'ana, koma sanafunse. Ndinakawapeza asuweni atakhala pa khonde mu mdima, moto osakoleza. Ndinati, "Asuweni, ndimati ndiyende ndi tochi, koma ndinakumbuka kuti dazi lanu liwalitsa njira." Kunali zii. Mtima wanga unagunda, ndinati basi ndalakwitsa. Kenako ndinamva mawu mu mdimamo: "Nkhuku ija munaipeza?" Abale, tinaseka ngati ana. Atatha kuseka analira, kulira kwenikweni kumene sindinawaone akulira ngakhale tsiku la maliro. Ine ndinangokhala chete, dzanja lili pa phewa. Kenako tinasamba m'manja n'kudya. Anamaliza mitanda itatu.

Anandiuza mawu amene sindidzaiwala. Anati chaka chonsechi aliyense amene amabwera amawayankhula ngati nawonso anafa. Anati, "Inu nomwe asuweni munasiya kundinyoza, ndinadziwa kuti zanga zatha." Taganizani. Ine ndinkati ndikuwalemekeza, chonsecho ndinkawakwirira ali moyo.

Tsopano ndi sabata yachitatu. Sindipita tsiku lililonse, ntchito za kudimba zimachuluka, koma Lachiwiri, Lachinayi ndi Lamulungu ndiye osaphonya. Masiku ena sitiseka n'komwe, timangomvera wailesi. Dzulo abwera okha ku bawo, andidya kawiri, ndipo mudzi wonse wamva kale.

Kwa akulu aja munandidzudzula, ngati mukuwerenga kapena adzukulu akuwerengerani, ulemu wanu ulipo ndithu ndipo sindikusunga mangawa. Mawu anu ndi amene anandipangitsa kuganiza. Koma pa mfundo yoti kuseka n'kwa okhuta, pepani, ndakana. Tsiku langa likadzafika, amayi adzaimbe, abusa adzalalikire, koma usiku pa moto wina adzakambe za nkhuku ija, ndipo adzaikambe bwino, asadzaiwale za chitunda.

Nanga inu kwanuko, ndani amene anasiya kubwera ku bawo kapena ku mjigo, inu n'kumati mukumupatsa mpata? Musandiyankhe ine. Vundikirani nsima mupite. Mukabwerako nde mudzandiuze m'munsimu mmene zayendera.

Tsalani bwino abale, ndikathirire tomato dzuwa lisanakwere.